Atiuza kuti tiziyenda, koma kutentha kwa muno mu Tete tiyenda nthawi yanji?

Nambewe wa ku Matundo:
Odi a pagulu, mwaswera bwanji nonse? Funso langa likupita kwa ife amene tadutsa zaka 45. Kuchipatala andipeza ndi tensão, vuto la kuthamanga kwa magazi lija, nambala yapamwamba 158, yapansi 96. Andipatsa mapiritsi, akuti ndichepetse mchere, komanso ndiziyenda tsiku ndi tsiku. Za mapiritsi ndi mcherezo ndamva. Kuyendako ndiye kwandizunguza mutu. Ine ndimagulitsa zitenje pamsika, kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, popita pa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, pobwera pa txopela. Dzuwa la Okutobala muno mumzinda mukulidziwa. Alipo amene anayamba zimenezi n'kupitiriza? Mumayenda nthawi yanji, nanga maso a anthu mumatani nawo?

Bambo Jere wa ku Ulongué:
Mayi, kwerani chapa, minibasi ija, mubwere kuno ku Angónia ndikupatseni khasu. Mizere khumi ya mbatatesi, tensão yonse ithawa. Zoyenda opanda kopita ndi za anthu okhuta. Makolo athu ankachita masewera olimbitsa thupi ati?

Tembo Dalaivala:
Kkkk achimwene Jere ayamba.

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Bambo Jere, mbali ina mukunena zoona. Munthu wolima, wotunga madzi, woyenda pansi kupita kuchigayo, thupi lake likugwira kale ntchito, sitingamuuze kuti azizungulira bwalo la mpira. Koma khasu silitchinga tensão. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno la Mozambique mu 2005 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Akumudzi analimo ambiri. Makolo athu aja ena ankagwa m'munda, kukamwa kupotoka, dzanja ndi mwendo kufa, anthu n'kumati awalodza. Inali sitiroko imeneyo.

Mayi Nambewe, a OMS, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosapanikiza kwambiri mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mukagawa ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Ndipo malangizo awo a mu 2020 amati ngakhale kochepa kamawerengedwa, ndiye mutha kuyenda 10 m'mawa, 10 masana pamthunzi, 10 madzulo. Liwiro lake ndi loti muzitha kulankhula ndi mnzanu koma nyimbo izikukanikani. Mukamalephera kutulutsa mawu chifukwa cha befu ndiye kuti mwaonjeza, chepetsani.

Koma chonde, mapiritsi musasiye. Kuyenda kumatsitsa nambala yapamwamba ija pang'ono, mwina ndi 5 mpaka 8. Ndi phindu ndithu, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Nambewe wa ku Matundo:
Zikomo amayi anamwino. Mphindi 10 zokha ndiye ndingathe. Ine ndimaganiza kuti akufuna ndizithamanga ngati Lurdes Mutola.

Aphunzitsi Mwale, Furancungo:
Mutola mukunenayo anabadwa mu 1972, ndi wa msinkhu wathu womwewu tsopano. Golide wa mamita 800 uja anatenga ku Sydney mu 2000, papita nthawi. Ine ndinapuma pantchito, ndipo chimene ndinaona n'chakuti choko chinkandiyendetsa osadziwa. Kuima kutsogolo kwa kalasi, kuzungulira m'mabenchi, kupita kusukulu pansi. Nditangopuma, wailesi ndi mpando wapakhonde zinandigwira. Miyendo inayamba kulemera, podzuka pampando mpaka kugwira bondo n'kubuula. Pano ndimatenga njinga m'mawa uliwonse kupita kudimba, pobwera chitunda chija ndimatsika n'kumakankha. Sindichita manyazi kukankha njinga. Mpeni wosagwiritsa ntchito ndi umene umachita dzimbiri.

Tembo Dalaivala:
Aphunzitsi, inu muli ndi mwayi, kwanuko n'kozizira. Ife a mathiraki ndiye tili pamavuto. Ukachoka ku Beira kufika pa Zóbuè wakhala pampando tsiku lathunthu, ukafika paboda uyambenso kudikira mapepala, nthawi zina mpaka kugona pomwepo. Chakudya chake ndi chipisi, nyama ya mbuzi yootcha ndi zakumwa za shuga zoletsa tulo. Anzanga ambiri a zaka zanga mimba zinafika pa chiwongolero, msana sugwira. Ine chimene ndimachita, ndikaimika galimoto ndimayenda kutsata mzere wa mathiraki mpaka kumapeto n'kubwerera, ndikumagogoda matayala ngati ndikuyendera. Anzanga amati Tembo ndi wosamala galimoto. Sadziwa kuti ndikusamala msana.

Nambewe wa ku Matundo:
Eee achimwene, ndiye kuti inunso mumabisala! Ndi zomwe ndimanena za maso a anthu zija. Mzimayi wa msinkhu wanga kutuluka mbandakucha opanda dengu, opanda chidebe, mwavala nsapato za mpira. Mawa bairro yonse yamva kuti Nambewe ali ndi kwina kumene amalawirira.

Naphiri wa ku Domue:
Achemwali, mundilole ndilankhule motalikirapo, chifukwa nkhani ya maso a anthuyi inandisunga m'nyumba nthawi yaitali.

Ine vuto langa silinali tensão. Bambo a kunyumba atamwalira, ana onse anali atachoka kale, wina ku Chimoio, wina ku Lilongwe, wotsiriza ku Joni. Nthawi yomweyonso msambo unayamba kudumphadumpha mpaka kusiya. Usiku thupi kutentha ngakhale mu Juni, pamene kuno kuzizira kumafika m'mafupa, bulangete kutaya uko, kenaka kuzizidwa, kulitolanso. Tulo osabwera. Ikamakwana 3 koloko ya usiku maso ali gwa, ndikuwerenga mavuto. Kukacha mphamvu zosesa pabwalo palibe. Ndinkaphika nsima kamodzi, yotsala kudya mkute mawa lake. Ukafunsidwa umangoti ndili bwino, chifukwa ukanena kuti mtima ukundilemera, anthu amati uzipemphera, ngati kuti wasiya.

Amene anandidzutsa ndi alamu anga, akazi a achimwene. Sananene za masewera ayi. Anangobwera m'mawa wina n'kuti, mlamu, ndiperekezeni kudimba, ndikuopa agalu a pa njira yakumtsinje. Mawa lake anabweranso ndi chifukwa china. Kenaka anatitsatira mayi wina wa mvano amene ali ndi shuga. Tikamayenda timakamba zonse, mitengo ya feteleza, apongozi, zidzukulu, za m'thupi zomwe sungauze mwana wako. Masiku ena timaseka mpaka kuima panjira kugwira m'chiuno. Masiku ena wina amalira, enafe timangoyenda naye chete mpaka atatha.

Sindinganame kuti chisoni chinatha, chilipo. Koma tulo tinabwerera, njala inabwerera, ndipo ndikagona ndimadziwa kuti mawa wina agogoda. Za anthu olankhula, mzimayi mmodzi ndiye amamunena. Atatu oyenda limodzi atamanga zitenje zawo bwinobwino, amangoti akupita kokaona wodwala.

Nambewe wa ku Matundo:
Achemwali Naphiri, mwandigwetsa misozi pano pabenchi. Zotentha usikuzo ndi zanganso, ine ndimangoti ndi nyengo ya kuno.

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Mayi Naphiri, zikomo polankhula poyera. Amayi ambiri msambo umasiya pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo kutentha thupi, kusowa tulo, kupsa mtima msanga ndi kukhumudwa zimabwera nthawi imeneyo. Si ufiti, si misala. Chinanso chimene sichioneka n'chakuti mafupa amayamba kuchepa mphamvu msambo ukasiya, n'chifukwa chake gogo akangoterereka pang'ono pachitsime amathyoka dzanja kapena chiuno. Kuyenda, kukwera chitunda, kunyamula katundu wapakatikati kumathandiza kuti mafupa asafooke msanga.

Koma ndinene ichi kwa onse. Ngati kukhumudwa kwadutsa masabata awiri, munthu sakudya, sakudzuka, kapena wayamba kuganiza zodzipha, kuyenda kokha sikokwanira. Mutengeni mupite naye kuchipatala. Abambo makamaka, inu mumabisa kwambiri, n'kumakazimitsira mu kachasu.

Bambo Jere wa ku Ulongué:
Mayi Naphiri pepani ndi zonse munadutsamo. Pamenepo sinditsutsa. Koma taonani, munkapita kudimba. Ndi zomwe ndikunena ine, munthu aziyenda kopita kulipo.

Aphunzitsi Mwale, Furancungo:
Achimwene Jere, tiuzeni zoona. Mukakolola mu Meyi, kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba mumatani? Ine alimi a kuno ndimawaona. Novembala mpaka Januwale kudzipha ndi ntchito, kuwerama kuyambira mdima mpaka dzuwa pamutu, msana kuchita kulira. Ikatha nyengoyo, amene alibe dimba ndi bawo pansi pa mtengo miyezi inayi. Tsono mvula ikagwa, thupi lija lazolowera kukhala mukulipatsa khasu tsiku lonse. N'chifukwa chake mu Disembala aliyense amadandaula msana.

Bambo Jere wa ku Ulongué:
Ine ndili ndi dimba aphunzitsi. Bawo ndi Lamlungu lokha, tikaweruka.

Madalitso ku Johannesburg:
Moni makolo anga nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Amayi anga ali ku Chingodzi, ali ndi zaka 58, shuga ndi mawondo. Kuno ndaona makina oyendapo m'nyumba ogwiritsidwa kale ntchito, ndimaganiza ndiwatumizire pa basi. Mukuona bwanji?

Tembo Dalaivala:
Mwana wanga, makinawo adzayanikapo zovala. Ndanyamulapo katundu wotere, ndikudziwa kumene amathera. Kuonjeza apo magetsi a Credelec adzalipira ndani?

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Madalitso, ndalama imeneyo agulire amayi nsapato zabwino, zotseka, zofewa mkati, zosathina, ndi masokosi. Kwa munthu wa shuga phazi ndi nkhani yaikulu. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu amaponda minga kapena kupsa ndi mchenga wotentha osamva kanthu, kabala kakang'ono n'kukula mpaka kufika podula. Asayende opanda nsapato, ngakhale pabwalo. Madzulo aliwonse aziyang'ana pansi pa mapazi ndi pakati pa zala, ngati maso savomera mdzukulu awaonere. Kuyenda pang'ono akatha kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri. Ngati amabaya insulini kapena kumwa glibenclamida, aziyenda ndi siwiti pa mfundo ya chitenje, chifukwa shuga atha kutsika mwadzidzidzi. Akamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, akhale pansi adye siwitiyo.

Za mawondo, anthu amaganiza kuti bondo lopweteka lizipumula basi. Ayi, likakhala limauma, ndipo minofu ya pantchafu imene imaligwira imafooka. Akhale pampando wolimba, aongole mwendo umodzi, awerenge mpaka 5, atsitse, asinthe. Kenaka adzuke pampando n'kukhalanso osagwira ndi manja, kangapo, mmene angathere. Zoterezi kawiri pa sabata zikuwerengedwa pa zomwe a OMS amati zolimbitsa minofu. Bondo likatupa kapena kutentha, asiye akaonetse.

Madalitso ku Johannesburg:
Zikomo kwambiri amayi. Ndiwaimbira usiku uno. Koma ndikuwadziwa, akanena kuti akaonda anthu aziti akudwala.

Naphiri wa ku Domue:
Imeneyonso ndi nkhani. Mayi wa shuga amene timayenda naye uja atatsika thupi pang'ono, anthu anayamba kunong'onezana kuti ayamba kumwa aja. Mpaka mng'ono wake anabwera kudzamufunsa mwamseri. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu, ndiye kuti bambo akusamala.

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Ndipo ngakhale atakhala kuti akumwa ma ARV, vuto lili pati? Ambiri amene anayamba mankhwala zaka zapitazo pano ali ndi zaka 50 ndi kupitirira, ali ndi zidzukulu, ndipo tensão ndi shuga zikuwapezanso monga wina aliyense. Iwonso aziyenda. Komanso musayembekezere sikelo kuti ikuuzeni ngati zikuthandiza. Munthu atha kuyenda miyezi thupi osasintha kwenikweni, koma tensão yatsika, tulo tikubwera, chitunda akukwera osaima.

Nangozo wa ku Tsangano:
Ndalowa mochedwa, netiweki kuno imavuta. Ine ndingoti bwanji kuvina? Ife amayi tikakumana kukonzekera chintali, ola limodzi thukuta kamukamu, chiuno, miyendo, mapewa, zonse zagwira ntchito, kunyumba umabwerera mtima uli mbee. Abambo a ngoma nawo akamaponda pansi ndi zishango zawo, si masewera amenewo? Kwaya ya kutchalitchi nayonso masiku ano sitiima chilili. Zinthu tili nazo kale, tangozisiyira tsiku la ukwati ndi la alendo a boma.

Aphunzitsi Mwale, Furancungo:
Mayi Nangozo mwalasa. Kungoti ngoma ija kwa ife a mawondo otha, kuponda kumodzi sabata yonse ukutsimphina.

Nambewe wa ku Matundo:
Kuvina ndimakukonda, koma mubwerere ku funso langa la dzuwa. Inu a kumapiri simukudziwa. Kuno masiku ano kumadutsa madigiri 40, ngakhale usiku khoma limakhala likutenthabe.

Mai Zulu, bairro Josina Machel:
Comadre, ine ndili mumzinda momwemo, ndikuyankheni. Nthawi ndi imodzi yokha, kukangoyamba kuyera, cha m'ma 5 koloko. Ikamakwana hafu pasiti sikisi mukhale mutabwerera. Madzulo phula limakhala likutulutsabe moto, ndiponso fumbi ndi njinga zamoto zimachuluka. Inu muli ndi mwayi woti mlatho wa Samora Machel uli pakhomo panu. Mathiraki akuluakulu ambiri anasamukira ku mlatho wa Kassuende chiutsegulireni mu 2014, ndiye m'mawa pamakhala bwino, kamphepo ka mu Zambezi kakukuombani, asodzi ali m'mabwato pansipo, anthu a njinga za makala akuwoloka. Simudzakhala nokha, ambiri amawoloka pansi kupita kuntchito, palibe amene adzakuyang'aneni. Bwanji osangochita chonchi: popita kumsika wolokani pansi, mukakwere txopela kutsidya. Ndalama yatsala, kuyenda kwachitika, dengu lili m'manja, wonena alibe ponenera.

Madzi imwani musanatuluke, botolo lina m'manja. Chitenje chopepuka, osati zakuda. Ndipo musatsikire kumtsinje kuti mukasambe mukatentha, ng'ona za mu Zambezi sizidziwa kuti muli pa masewera.

Nambewe wa ku Matundo:
Comadre, imeneyo ndiye nzeru. Ndalama ya txopela yokhayo yanditsitsa kale tensão kkkk.

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Ndiwonjezere pa za Mai Zulu. Ena mwa mapiritsi a tensão, monga hidroclorotiazida, amakodzetsa, ndiye kukatentha chonchi thupi limauma msanga. Mukaona mkodzo wafiirira, madzi achepa. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, kapena kubanika kosiyana ndi masiku onse, imani pomwepo, ndipo tsiku lomwelo mukaonetse. Amene nambala yake yafika 180 yapamwamba kapena 110 yapansi asayambe kaye, atsitse ndi mankhwala. Ife a kuno ku Moatize tilinso ndi fumbi la malasha, ndiye a chifuwa cha mphumu asankhe njira yotalikira msewu waukulu ndi njanji.

Tembo Dalaivala:
Amayi anamwino, nanga chicoa? Musandiuze kuti ndisiye, ndikapita ku Songo sindibwerako chimanjamanja.

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Sindikuletsani achimwene, koma nsomba imene ija amaiumitsa ndi mchere wambiri zedi. Iviikeni m'madzi nthawi yaitali, tayani madziwo, viikaninso, ndipo pophika musathirenso mchere kapena caldo, zokometsera ndiwo zogula zija. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza umene uli kale mu buledi, mu caldo ndi mu nsombamo. Ambirife timadya woposa pamenepo. Kambale ka mchere kaja kachoke pamphasa.

Tembo Dalaivala:
Chicoa yopanda mchere ndi chicoanso? Chabwino, ndikawauza mayi a kunyumba, koma mlandu ukhala wanu.

Bambo Jere wa ku Ulongué:
Ine zoyendazo ndakana ndipo ndikukanabe. Koma mayi a kunyumba akhala akudandaula mutu wa kunkhongo ndi maso kuchita mdima akaweramuka. Amalima kuposa ine. Ndawawerengera zomwe mwalembazi, akuti akufuna akayezetse. Kodi amayeza munthu asakudwala, kapena akatibweza?

Nankhoma, namwino ku Moatize:
Sangakubwezeni bambo, kuyeza tensão ndi mphindi zochepa, ndipo mutu umenewo ndi chifukwa chokwanira. Pitani nawo mawa m'mawa kuchipatala chaching'ono, ku centro de saúde, musadikire tsiku la msika. Akafika akhale pansi kaye mphindi zisanu asanayezedwe, asamwe khofi kapena kusuta fodya popita. Manambala onse awiri awalembere pakapepala musunge, chifukwa kuyeza kamodzi sikokwanira, adzawauza tsiku lobwereranso. Ngati usiku uno mutu ukula kwambiri, kapena dzanja lichita dzanzi, kapena mawu ayamba kusokonekera, musadikire kuche. Ndipo poti mwafika kale pamenepo, nanunso mupereke mkono.

Bambo Jere wa ku Ulongué:
Ine ndikungoperekeza.

Nangozo wa ku Tsangano:
Alamu, mkono wokhawo. Khasu sakulandani.

Mai Zulu, bairro Josina Machel:
Comadre Nambewe, Lolemba ndidzakudikirani kumapeto kwa mlatho mbali ya mumzinda, hafu pasiti faifi. Pali mayi winanso wa ku tchalitchi kwathu amene akufuna. Nambala yanga ndakutumizirani kumbali. Nsapato zikhale zofewa, osati mapatapata.

Nambewe wa ku Matundo:
Ndaiona comadre. Koma tipange 6 koloko, mdzukulu ndimayamba ndamusambitsa kaye.

Mai Zulu, bairro Josina Machel:
6 koloko dzuwa latuluka kale. Musambitseni usiku.